Manja ndi Mapazi Ozizira pa Ana Aang'ono

Mzinda wa Dar es Salaam uli m'mbali mwa nyanja yamcere, ndipo kumatentha caka conse. Ngakhale m'mwezi wa July, umene eni dziko amauyesa wozizira, munthu wocokera ku Dedza safuna bulangete lolemera. Anthu ambiri a ku Malawi ndi ku Zambia amapita kumeneko kukagula katundu pa msika wa Kariakoo, ena ali ndi ana kumbuyo. Tsono mai akakhudza mwana wace wa zaka ziwiri m'dziko lotentha cotero, napeza kuti manja ndi mapazi ali zii, ayenera kudziwa kusiyanitsa kuzizira wamba ndi kuzizira kumene kuli cizindikiro ca ngozi.

Cimene cimatenthetsa thupi lonse ndi mwazi. Mtima umaukankha m'mitsempha, ndipo uko mwazi ufika wambiri, kumafunda. Thupi likamva mphepo, timitsempha ta m'manja ndi m'mapazi timafinyika, kuti mwazi ukhale pafupi ndi mtima, mapapu ndi ubongo. Mwana wamng'ono amataya kutentha msanga kuposa wamkulu, cifukwa khungu lace ndi lalikulu poyerekeza ndi msinkhu wace. Cotero mwana amene wasewera ndi madzi, kapena wayenda pa simenti wopanda nsapato, kapena wagona pansi pa fani usiku wonse, akhoza kuzizira zala popanda nthenda iri yonse. Ngati pacifuwa ndi pamsana pali pofunda bwino, ndipo mwanayo akudya, akusewera, nayang'ana anthu monga mwa masiku onse, palibe coopsa. Kumpukuta ndi kumfunda nsalu youma nkokwanira.

Koma thupi limacita cimodzimodzi pamene mwazi wacepa mphamvu cifukwa ca nthenda. Mwana akatsegula m'mimba ndi kusanza kwambiri, madzi a m'thupi amatha, ndipo mtima umasowa cokankha. Malungo akulu, ndi tizilombo tolowa m'mwazi, zimacitanso zomwezo. Apa manja amazizira ngakhale dzuwa liri paliombo, ndipo nthawi zina mutu ndi mimba zimatentha ngati moto pamene mapazi ali ozizira. Mu August caka ca 2015 kolera inabuka mu Dar es Salaam, nifalikira m'zigawo zambiri za Tanzania. Nthenda imeneyi imatha madzi a mwana m'maora owerengeka, ndipo khungu lozizira ndi maso olowa m'kati ndizo zizindikiro zace.

Pali kuyesa kwapafupi kumene anamwino amacita, ndipo mai ali yense akhoza kukuphunzira. Agwire cala cacikulu ca mwana, ca kudzanja kapena ca kuphazi, asindikize cikhadabo kufikira citayera, ndipo aleke. Mwa mwana wamoyo bwino, kufiira kumabwerera pomwepo. Kukacedwa kupitirira masekondi 3, ndiye kuti mwazi sukuyenda bwino. Madokotala amayang'ana zinthu zitatu pamodzi: manja ozizira, kucedwa kwa mwazi pa cikhadabo, ndi mtsempha wa padzanja wogunda mofulumira koma mofooka. Zitatuzi ziri m'malangizo a ETAT, osankhira ana odwala kwambiri kuti aonedwe poyamba, amene anakula ndi ncito ya pa cipatala ca Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo bungwe la World Health Organization linawasindikiza mu 2005.

Mwana wotere sayenera kudikira kuti kuce. Cimodzimodzinso mwana amene ali lefu wosadzuka bwino, wokana kuyamwa kapena kumwa, wopuma mobvutika, wokomoka, wa milomo kapena lilime lobiriwira, kapena wa zikhatho zoyera mbee. Mu Dar es Salaam muli zipatala za boma za Amana, Mwananyamala ndi Temeke, ndi cipatala cacikulu ca Muhimbili kumene amatumizako odwala kwambiri. Pofika, mai asakhale cete kumapeto kwa mzere, koma auze namwino msanga kuti mwana wazizira manja ndipo wafooka.

Panjira, mwanayo afundidwe, makamaka ngati ndi wonyentcera, pakuti wotere amazizira thupi lonse mosabvuta. Kumuika pacifuwa pa amace, khungu pa khungu, ndiko kufunditsa kwabwino koposa. Ngati akutha kumeza, ayamwe, kapena amwe pang'onopang'ono madzi a ORS, paketi yace yosungunulidwa m'madzi abwino monga mwalembedwa pa paketipo. Mwana wokomoka asamwetsedwe kanthu, angatsamwe. Botolo la madzi otentha, kapena kuyandikiza mapazi ku mbaula, kumangotentha khungu, ndipo kutikita manja kapena kutemera mphini kumataya nthawi imene ikanamfikitsa ku cipatala.