Chifukwa chake dziko likutentha: kutentha kumalowa, koma kukuvutika kutuluka

Pamisonkhano ya makomiti a chitukuko mawu akuti "kusintha kwa nyengo" amamveka kawirikawiri, makamaka pokambirana za milatho yokokoloka, zitsime zouma ndi chimanga chofota. Ena amati dzuwa layandikira, ena amati mlengalenga mwabooka. Zoona zake n'zakuti dzuwa lidakali pamalo pake, ndipo mphamvu yake sinawonjezeke kufika poti n'kubweretsa kutentha kwa zaka zino. Chasintha ndi njira imene kutentha kumatulukira kuchoka pa dziko.

Chinthu chilichonse chofunda chimatulutsa cheza. Munthu akakhala pafupi ndi mbaula amamva kutentha pankhope ngakhale makala ataphimbidwa ndi phulusa. Chimene chimamufika ndi cheza chosaoneka ndi maso, chimene asayansi amachitcha infrared. Dzuwa, lomwe kunja kwake kumatentha madigiri pafupifupi 5,500, limatulutsa cheza chooneka chochuluka, ndiko kuwala kuja, ndipo chimadutsa mumpweya mosavuta. Pa magawo 100 a kuwala kofika kuno, pafupifupi 30 amabwezedwa kumwamba ndi mitambo, madzi oundana ndi malo ena oyera. Otsalawo amafunditsa nthaka, nyanja ndi mpweya. Dziko likafunda nalonso limatulutsa cheza, koma chake n'chosaoneka chija. Ngati chotuluka chikufanana ndi cholowa, kutentha kwa dziko sikusintha. Chotuluka chikachepa, dziko limayamba kutentha.

Mpweya umene timapuma ndi wosakanikirana. Pa magawo 100, 78 ndi nitrogen ndipo 21 ndi oxygen, ndipo mitundu iwiriyi imalola cheza cha dziko kudutsa. Koma nthunzi ya madzi, carbon dioxide ndi methane, ngakhale zili zochepa kwambiri, zimagwira chezacho n'kuchitulutsanso mbali zonse, china n'kubwerera pansi. Alimi amadziwa chinthu chofanana ndi ichi. M'miyezi ya June ndi July, usiku wopanda mitambo ndi umene umazizira kwambiri, moti m'malo okwera ngati Dedza ndi Nyika chisanu chimatha kuwaula mbewu, pamene usiku wa mitambo umakhala wofundirako chifukwa mitamboyo imabweza kutentha pansi. Mipweya imeneyi imagwira ntchito yomweyo usana ndi usiku. Pakanapanda iyo, dziko lonse bwenzi likuzizira mpaka madigiri 18 pansi pa ziro, mmalo mwa madigiri pafupifupi 15 pamwamba pa ziro amene tili nawo tikaphatikiza madera onse ndi nyengo zonse. Choncho chofunda chimenechi n'chofunika pa moyo. Vuto n'lakuti chikunka chikhuthala.

Nzeru imeneyi si yachilendo. M'zaka za m'ma 1820 Joseph Fourier wa ku France anazindikira kuti mpweya umasunga kutentha kwa dziko. Mu 1859 John Tyndall anayeza mipweya yosiyanasiyana ku London napeza kuti nthunzi ndi carbon dioxide ndizo zimagwira cheza chosaoneka. Mu 1896 Svante Arrhenius wa ku Sweden anawerengera mmene dziko lingatenthere carbon dioxide atachuluka. Kuyambira mu 1958, pamene Charles David Keeling anayamba kuyeza mpweya pa phiri la Mauna Loa ku Hawaii, chiwerengero chakhala chikukwera chaka ndi chaka. Mafakitale asanafalikire, pa timagawo miliyoni imodzi ta mpweya, pafupifupi 280 tinali ta carbon dioxide. Mu 1958 tinali pafupifupi 315, ndipo lero tadutsa 420. Gwero lalikulu ndi kuwotcha malasha, mafuta ndi gasi, kenako kudula nkhalango. Lipoti la bungwe la IPCC la 2021 linasonyeza kuti dziko latentha ndi digiri pafupifupi 1.1 poyerekeza ndi zaka za pakati pa 1850 ndi 1900.

Digiri imodzi ingaoneke yochepa, koma mpweya ukafunda ndi digiri imodzi umatha kunyamula nthunzi yowonjezera ndi magawo pafupifupi 7 pa 100 alionse. Apa ndi pamene pagona nkhani yathu. Mpweya wofunda umamwa madzi ambiri m'nthaka, m'madambo ndi m'masamba a mbewu, motero ng'amba ikabwera munda umauma msanga. Mpweya womwewo ukakumana ndi namondwe umakhuthula madzi ochuluka m'kanthawi kochepa. N'chifukwa chake chilala ndi kusefukira kwa madzi zingakule pamodzi m'dera limodzi. Anamondwe analipo kuyambira kale, ndipo si tsoka lililonse limene limabwera chifukwa cha kutentha kwa dziko, koma nyanja yofunda ndi mpweya wodzaza nthunzi zimawonjezera mvula yawo. Namondwe Ana anawononga damu la magetsi la Kapichira mu January 2022, ndipo Freddy anagumula mapiri ndi kupha anthu mazanamazana ku Blantyre, Mulanje, Phalombe ndi maboma oyandikana nawo mu March 2023.

Maiko onse a mu Africa amatulutsa magawo osapitirira 4 pa 100 a carbon dioxide wochokera ku malasha, mafuta ndi gasi, choncho udindo waukulu wochepetsa mpweyawu uli ndi maiko a mafakitale. Komabe gawo lina la carbon dioxide limakhala mumlengalenga zaka mazana ambiri, ndiye kutentha kumene kwafika kale sikubwerera msanga. Tanthauzo lake n'lakuti malire amene madzi ankafika m'masiku a makolo athu salinso muyeso wodalirika. Pamene makomiti a m'midzi akusankha ntchito zopita ku khonsolo, ndi bwino kufunsa ngati mlatho kapena ngalande yakonzedwa kuti ipirire mvula yoposa ya kale, ngati sukulu ndi nyumba zikumangidwa kutali ndi mtsinje ndi tsinde la phiri, ndiponso ngati mitengo ya m'mapiri ndi m'mbali mwa mitsinje ikutetezedwa. Mitengo ya m'dera limodzi singaziziritse dziko lonse, koma imagwira nthaka ndi kuchepetsa liwiro la madzi mvula yamphamvu ikagwa.