Pampu ya padziwe nayo imatopa pa chitunda

Mwakumba kadziwe kuseri kwa nyumba kuno ku Mzilawaingwe mu Mzuzu, mwawaka ndi simenti, mwaponyamo makumba ndi chilunguni. Madziwo akangokhala osayenda, posachedwa muona nsomba zitatulutsa milomo pamwamba mbandakucha, kusaka mpweya. Koma musanathamangire m'tauni kukagula pampu, yambani mwayeza dziwelo. Likakhala la mamita 3 m'litali, mamita 2 m'lifupi, kuya mita imodzi, muli malita 6,000. Dziwe lotere limafuna kuti madzi onse azungulire kamodzi pa maola awiri, ndiye kuti malita 3,000 pa ola.

Apa mpamene ambiri timapusitsika. Tikaona 3,000 L/h pa katoni, basi tapisa m'thumba. Nambala imeneyo ili ngati liwiro la mnyamata wa kabaza, aja timati Sacramento, akupalasa njinga yopanda kanthu pamalo a see. Mum'senzetse thumba la chimanga, mum'lozere chitunda, muone mmene achepetsere. Pampu nayo ikamakweza madzi, otuluka amachepa. N'chifukwa chake pali nambala ina, yolembedwa Hmax. Akalemba mamita 2.5, ndiye kuti pamsinkhu umenewo mnyamata uja watsika panjinga: sipatuluka ngakhale dontho. Ngati madzi anu azigwa kuchokera mita imodzi pamwamba pa dziwe, gulani pampu yoposerako, mwina ya malita 4,500 pa ola. Poyeza msinkhuwo yambirani pamwamba pa madzi, osati pansi pamene pakhale pampuyo.

Paipi ndiye msewu wake. Yopyapyala, yaitali, yokhotakhota, imadya mphamvu ngati njira ya matope mwezi wa Malichi. Pakamwa pa pampu pakakhala pa mamilimita 25, musalumikizepo kapaipi kothirira maluwa.

Nanga madzi akachuluka mphamvu, n'kumavundula dziwe lonse nsomba osapuma? Ikani valavu kumene madzi akutulukira, muzitseka pang'onopang'ono mpaka ayende mwaulemu. Amenewo ndi mabuleki. Kutseka kolowera madzi n'chimodzimodzi kum'gwira mphuno wopalasa uja kuti achepetse liwiro. Pampu zomiza m'madzi zimazizira ndi madzi omwewo, ndiye ikasowa madzi imatentha n'kupsa. Chabwino koposa, kwa ine, n'kuika mphanda papaipi, mbali ina madzi azibwerera m'dziwe. Pampu imagwira ntchito momasuka, inu n'kumasankha ochuluka bwanji akwere.

Ikhazikeni pa njerwa ziwiri kuti isamamwe matope. Mukaona madzi afooka, musafulumire kuitana wokonza: zimitsani magetsi, itulutseni, mutsuke kasefa kake. Kawirikawiri mupezamo ndere, masamba ndi zotsalira za madeya. Nthambo ya magetsi isakhale yolumikiza ndi tepi pafupi ndi madzi, pakhomo pali ana.

Werengeraninso za ESCOM. Pampu ya mawati 50 yoyaka usana ndi usiku imadya mayunitsi 1.2 pa tsiku, 36 pa mwezi. Ya sola imakopa, makamaka tikaganizira kuthimathima kwa magetsi, koma yopanda batire imagona dzuwa likalowa, pomwe mpweya m'dziwe umachepa kwambiri kukamacha. Onjezani mitambo ndi chifunga cha Mzuzu mu Juni ndi Julaye. Pogula sola, batire musaisiye.

Powonjezera madzi a pampopi, aja a Northern Region Water Board ochokera ku damu la Lunyangwa, athireni kaye m'diramu losavundikira agone tsiku limodzi kapena awiri, mankhwala a klorini achepe.

Zonsezi n'za dziwe la simenti kapena la pulasitiki. Amene muli ndi dziwe ladothi kudambo, lothira manyowa, madzi obiriwirawo ndi chakudya cha nsomba zanu. Pampu muziyatsa pongobwezera madzi amene aphwera, osati kutsuka dziwe lonse.