Cuma Cocokela mu Uvuni

Caka ndi caka, zotsatila za mayeso a Giledi 12 zikatuluka, m'mabanja ena mumamveka nthungululu, pamene m'mabanja ena muli zii ngati pamalilo. Mwana amene sanapeze malo ku yunivesiti timamuyang'ana ndi maso acisoni, ndipo ife makolo timayamba kunong'onezana kuti tsogolo lake latsekeka. Kodi n'zoona kuti khomo lolowela ku cuma ndi limodzi lokha, la digili? Mwezi uno tifuna tikutengeni, inu awelengi athu, ku dziko la France, tikaone moyo wa amuna awili amene sanaphunzile ku yunivesiti, koma anapata cuma ndi ulemu pogwilitsa nchito fulawa, batala, shuga ndi mazila.

Mnyamata wa ku Normandy

Gaston Lenôtre anabadwa m'caka ca 1920 m'kamudzi ka m'cigawo ca Normandy. Atate ake ndi amai ake onse awili anali ophika, ndipo anagwilapo nchito ku Paris asanabwelele kumudzi. Akali wamng'ono, Gaston anapita kukaphunzila nchito kwa wophika makeke. Maphunzilo otele sacitikila pa benchi ai. Wophunzila amadzuka tambala asanalile, nayatsa uvuni, natsuka ziwiya, naswa mazila, maso ali pa manja a mwini nchito. Pamapita miyezi asanaloledwe kukongoletsa keke ngakhale imodzi.

Nkhondo yaciwili ya dziko lonse itatha, iye ndi mkazi wake Colette anatsegula kasitolo m'tauni ya Pont-Audemer. Mwamuna anali ku uvuni, mkazi anali kutsogolo kulandila ogula. M'caka ca 1957, Gaston ali ndi zaka 37, banjali linasamukila ku Paris ndi kutsegula sitolo mu mseu wa rue d'Auteuil.

Ku Paris ophika makeke anali ambili kale. Nanga mlendo wocokela kumudzi anawaposa bwanji? Makeke a masiku amenewo anali olemela m'mimba ndi otsekemela mopitilila. Lenôtre anacepetsa shuga ndi fulawa, naumilila pa batala weniweni ndi zipatso zatsopano, kotelo kuti munthu anali kudya keke yake osatopa nayo. Anaphunzilanso kusunga zophika zake pozizila kwambili popanda kuononga kukoma kwake, ndipo nzelu imeneyi inamuthandiza kuphikila maukwati ndi maphwando a anthu mazanamazana. Pambuyo pake anamanga khichini lalikulu ku Plaisir, kunja kwa Paris, kumene zophika za masitolo ake onse zinali kucokela. Komweko, m'caka ca 1971, anatsegula sukulu yophunzitsa anzake a nchitoyi. Mu 1985 kampani yaikulu ya mahotela yochedwa Accor inagula bizinesi yake. Anamwalila mu 2009 ali ndi zaka 88, koma dzina lake likali pa zitseko za masitolo.

Wophunzila amene anafika patali

Mmodzi mwa anyamata amene anapyola m'manja mwa Lenôtre ndi Pierre Hermé, wobadwila ku Colmar m'caka ca 1961, m'banja la ophika buledi ndi makeke. Ali ndi zaka 14 anacoka kwao kupita ku Paris kukakhala wophunzila wa Lenôtre. Pofika zaka 24 anali mkulu wa ophika makeke pa sitolo yochuka ya Fauchon, ndipo anakhalapo zaka 11. Sitolo yoyamba yokhala ndi dzina lake anaitsegula mu 1998 ku Tokyo, m'dziko la Japan, ndipo ya ku Paris inatsatila mu 2001. M'caka ca 2016 anapatsidwa ulemu wakuti ndiye wophika makeke woposa onse pa dziko lapansi.

Tiwelengele pamodzi zaka zimenezi. Kucokela tsiku limene Hermé analowa m'khichini la Lenôtre kufikila tsiku limene dzina lake linalembedwa pa citseko, panapita zaka zoposa 20. Lenôtre nayenso anafika ku Paris atagwila kale nchitoyi zaka zoposa 20. Akulu athu sananame pamene anati tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Kusowa digili si kusowa maphunzilo

Apa tisasokoneze zinthu. Amuna awiliwa analibe digili, koma anali ophunzila kwambili. Ku France wacinyamata wofuna nchito imeneyi amatsata maphunzilo a zaka 2 opezela sitifiketi yochedwa CAP. Ambili amagawa nthawi yao pakati pa kalasi ndi khichini la mwini sitolo, ndipo amalandilako kamalipilo pamene akuphunzila. Nchitoyi ndi yolemekezeka kwao kucokela kale. Ophika buledi ndi makeke ali ndi nkhoswe yao, Honoré Woyela, episkopi wa ku Amiens, amene amakumbukilidwa pa 16 May, ndipo ilipo keke yochedwa ndi dzina lake.

Wophika ndiwo angathe kulawa ndi kuonjezela mcele mphika uli pamoto. Wophika keke alibe mwai wotelo: akatseka uvuni, colakwa calakwika. N'cifukwa cake cida cake coyamba ndi sikelo. Keke ina ya ku France yochedwa quatre-quarts imafuna kuti fulawa, batala, shuga ndi mazila zikhale zolingana kulemela kwake, zinai zonse. Pali mtanda winanso umene amaika batala pakati, naupinda patatu, naufutukula, ndi kubweleza zimenezi maulendo 6. Potsiliza mumakhala mizele ya batala 729, yopyapyala kuposa pepala. Batala akafewa cifukwa ca kutentha kwa m'khichini, mizele yonseyo imasakanizika ndipo nchito ya tsiku lonse yapita pacabe. Munthu wodziwa zimenezi amadziwa masamu, amadziwa kutentha ndi kuzizila, amadziwanso kudekha.

Malipilo paokha si cuma

Tingakhale onama tikanena kuti aliyense wovala epuloni adzalemela. Wophika makeke wolembedwa nchito amaimilila maola ambili, amagwila nchito pa masiku a zikondwelelo anzake akupumula, ndipo malipilo ake poyamba amakhala ocepa. Masitolo ambili amatsegulidwa ndi cimwemwe, natsekedwa mwakacetecete. Tisaiwalenso kuti Lenôtre ndi Hermé anabadwila m'mabanja odziwa kale za kuphika. Walila mvula walila matope.

Komabe moyo wao utionetsa kumene cuma ca nchitoyi cimacokela. Coyamba, anakhala nthawi yaitali pansi pa odziwa, osathamangila kudziimila paokha. Caciwili, anali ndi cinthu cao-cao cimene ogula sakanacipeza kwina. Cacitatu, anafika pokhala eni ake a sitolo ndi a dzina, pakuti wolembedwa nchito amalandila za mwezi umodzi, koma mwini dzina amakolola zaka zonse. Cacinai, sanayende okha: Lenôtre anali ndi Colette, ndipo Hermé anayamba kampani yake pamodzi ndi mnzake Charles Znaty. Luso la manja limafuna wina wosamala mabuku a ndalama. Wogulitsa keke asanawelengele mtengo wa mazila, magetsi, bokosi ndi nthawi yake, amadyetsa anthu ndi thukuta lake kwaulele.

Mau kwa makolo ndi acinyamata

Kuno kwathu palibe ukwati wopanda keke, ndipo vitumbuwa ndi masikono a amai athu aphunzitsa ana ambili sukulu. Masukulu a nchito zamanja olembetsedwa ku bungwe la TEVETA alipo, ena mwa iwo ophunzitsa kuphika. Tsono mwana akatiuza kuti mtima wake uli ku uvuni, tisamuseke kapena kumuyesa wolephela. Timufunile mphunzitsi waluso, timugulile sikelo ndi kabuku kolembamo ndalama zolowa ndi zotuluka, ndipo timuuze zoona zake: njila ndi yaitali.

Ndipo inu acinyamata, musacite manyazi kutsuka ziwiya za wina zaka zoyamba. Sungani kangacepe pa malipilo alionse, phunzilani keke imodzi kufikila muidziwe bwino lomwe, ndipo musanyenge wogula ndi mazila oola kapena muyeso wopelewela. Dzina labwino limamangidwa pang'onopang'ono, keke ndi keke. Tsiku limene mudzakhala ndi uvuni wanu, mudzakumbukile zimene Lenôtre anacita mu 1971, nimutsegulile citseko mwana wa mnzanu.