Chitseko cha Mtima Chikawonongeka

Mtima wa munthu uli ndi zitseko zinayi zimene zimatseguka ndi kutsekeka kuti magazi asabwerere m'mbuyo. Chimodzi chili pakhomo lotulukira magazi kupita mu mtsempha waukulu wotchedwa aorta. Khomoli likachepa, mtima umagwira ntchito yakalavulagaga mpaka kufooka.

Ena chitsekochi chimauma chifukwa cha ukalamba. Koma kuno kwathu zitseko zambiri zimayamba kuwonongeka paubwana, zilonda zapakhosi zikalekereredwa. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2016 anapeza kuti mwa ana 1,450 ounikidwa ku Lilongwe, oposa 3 pa 100 aliwonse anali ndi zizindikiro za nthendayi, iwo osadziwa.

Makina ounikira mtima amafanana ndi aja ounikira amayi oyembekezera, ndipo sapweteka. Dokotala amayeza kukula kwa khomolo ndi liwiro la magazi, pakuti madzi amathamanga kwambiri pamene mtsinje wapanikizika. Khomo labwino limakula masikweya sentimita 3 mpaka 4. Likatsika kufika pa 1, kapena liwiro likakwana mamita 4 pa sekondi, nthenda yakula. Wotere akayamba kubanika, kukomoka kapena kumva kupweteka pachifuwa, moyo wake uli pachiswe ngati salandira chitseko china mwa opaleshoni.

Tsono inu a ku Ludzi, mukaona zizindikirozi fulumirani kuchipatala cha St. Joseph, kukafunika adzakutumizani ku Mchinji kapena ku Kamuzu Central. Makolo, mwana akadandaula pakhosi ndi kutentha thupi, kampimitseni msanga. Penisilini wa lero angapulumutse mtima wake wa mawa.