Madzi Akabwerera M'paipi, Matenda Amalowera Pampopi

M'chaka cha 1933, mzinda wa Chicago ku America unadzaza ndi alendo obwera kuchionetsero chachikulu cha dziko lonse. Ambiri anafikira m'mahotela awiri oyandikana, Congress ndi Auditorium. Atabwerera kwawo, ena anayamba kutsegula m'mimba mwa magazi. Anali kamwazi. Anthu oposa 1,400 anadwala ndipo 98 anamwalira. Ofufuza atalondola gwero la mliriwo, anakalipeza m'mapaipi: madzi a zonyansa za kuchimbudzi ankapeza njira yolowera m'madzi amene alendo ankamwa.

Ambirife timaganiza kuti madzi a m'paipi amayenda njira imodzi yokha, kuchokera kwa ogulitsa madzi kukafika pampopi. Koma madzi sadziwa kumene akuchokera kapena kumene akupita. Amangothamangira mbali imene mphamvu yachepa. Tsiku limene mphamvu ya m'paipi yaikulu ya mumsewu yatsika kuposa ya m'nyumba, madzi amatembenuka, ndipo amatenga chilichonse chimene akhudzana nacho.

Izi zimachitika m'njira ziwiri. Yoyamba ndi kuyamwa. Paipi yaikulu ikaphulika, madzi akatsekedwa, kapena ozimitsa moto akamatunga madzi ambiri nthawi imodzi, m'paipi mumatsala mpweya wokoka. Aliyense amene anaonapo munthu akutulutsa petulo m'galimoto ndi kapaipi ka pulasitiki akudziwa mmene zimakhalira: ukangoyamwa kamodzi, petulo amatsatira yekha. Ngati nthawi imeneyo paipi yothirira maluwa yamizidwa m'ndowa ya mankhwala ophera tizilombo, kapena m'beseni lotsukira ziwiya, madzi a m'menemo amakokedwa kulowa m'mapaipi a madzi akumwa.

Njira yachiwiri ndi kukankha. Pampu, boyila kapena thanki yokhala pamwamba pa nyumba yosanja ikhoza kukhala ndi mphamvu yoposa ya paipi ya mumsewu, n'kukankhira madzi ake kumbuyo. Apa ndi pamene malo a bizinesi amasiyanirana ndi nyumba wamba. M'boyila ya fakitale amathiramo mankhwala oletsa dzimbiri. M'mapaipi ozimitsira moto madzi amakhala zaka osasuntha. Kuchipatala kuli labu, kochapira zovala za odwala ndi nyumba ya chisoni. Kophera ng'ombe kuli magazi ndi ndowe. Zonsezi zimalumikizidwa ku paipi imodzimodzi imene imapatsa madzi sukulu ndi makomo oyandikana nawo.

Zimene zinachitika mu 1969 pakoleji ya Holy Cross, mumzinda wa Worcester ku Massachusetts, zikusonyeza mmene ngoziyi imabisalira. Moto unabuka mumzindamo ndipo kuuzimitsa kunatsitsa mphamvu ya madzi. Pabwalo lochitira masewera panali mipopi yothirira kapinga yokwiriridwa pansi, pamene madzi ankadikha ndipo ana ena odwala matenda a chiwindi a hepatitis A ankasewerapo. Madzi odikhawo anayamwidwa kulowa m'paipi, osewera mpira n'kumwa pampopi wa pabwalopo. Mwa anthu 97 a timuyo, 90 anatenga kachilomboko, ndipo timu inasiyira panjira masewera a chaka chimenecho. Palibe amene anaona kanthu kachilendo m'madziwo. Nakonso ku Nokia, m'dziko la Finland, mu November 2007 valavu ya pamalo oyeretsera madzi a suweji inasiyidwa yotsegula, ndipo anthu masauzande anadwala m'mimba.

Nkhaniyi ikutikhudza kwambiri ifeyo, chifukwa chimene kwa anzathu ndi ngozi ya apo ndi apo, kuno ndi moyo wa masiku onse. Madzi ambiri a mzinda wa Blantyre amachokera mumtsinje wa Shire, ku Walker's Ferry, ndipo amakwezedwa chitunda ndi mapampu a magetsi. Magetsi akazima kwa nthawi, mipopi ya kumtunda imauma. Mukatsegula mpopi n'kumva ukukoka mpweya, dziwani kuti kuyamwa kuja kukuchitika m'nyumba mwanu momwemo.

Pofuna kuti bizinesi isaime, eni mahotela, malo ogona alendo ndi sukulu amaika mathanki ndi mapampu, ena amakumbitsa mjigo wawo. Palibe cholakwika pamenepo. Vuto limabwera pulambala akalumikiza madzi a pamjigo ndi a kampani ya madzi pa paipi imodzi, n'kungoikapo valavu yotsegula ndi kutseka pamanja. Mlonda akaiwala kutseka usiku umodzi, pampu imakankhira madzi osathira klorini mumsewu monse. Choipa china ndi kumangirira pampu mwachindunji pa paipi yochokera kumita kuti izikoka madzi mwamphamvu. Mwini wake amapeza madzi, koma pampuyo imachititsa kuyamwa m'mapaipi a anansi, ndipo pamene paipi yang'aluka pafupi ndi ngalande kapena chimbudzi chokumba, matope amalowa. M'dziko limene kolera inapha anthu oposa 1,700 pakati pa 2022 ndi 2023, sitingaone mopepuka khomo lililonse lolowetsa zonyansa m'madzi akumwa.

Chitetezo chodalirika kuposa zonse ndi chotsika mtengo kuposanso zonse: mpata wa mpweya. Paipi yothira madzi m'thanki kapena m'sinki izithera m'mwamba, pamwamba pa mlingo umene madzi angafike ngakhale atasefukira. Malamulo ambiri a zomangamanga amafuna kuti mpatawo ukhale wosachepera kukula kwa kamwa la paipiyo kuwirikiza kawiri. Madzi sangalumphe mpata umenewu kubwerera m'mwamba, ndipo mulibe kachitsulo koti kangathe kapena kuchita dzimbiri. Choncho woika thanki alole madzi a kampani agwere m'thankimo kuchokera pamwamba, pampu izikoka kuchokera m'thanki. Ku England ndi Wales, malamulo a mu 1999 anagawa madzi m'magulu asanu malinga ndi kuopsa kwake, ndipo pagulu lachisanu, la madzi okhudzana ndi zonyansa za anthu, za nyama kapena tizilombo toyambitsa matenda, mpata wa mpweya ndiwo chitetezo chimene amadalira.

Pamene mpata sungatheke chifukwa madzi ayenera kupitirira ndi mphamvu yake, amaikapo mavalavu. Yodziwika kwa mapulambala athu ndi non-return valve, kachitseko kotsegukira mbali imodzi. Imathandiza, koma anthu amaikhulupirira mopitirira muyeso. Kamchenga kamodzi kakatsakamira pamene imatsekera, imadontha chobwerera mwakachetechete kwa zaka. N'chifukwa chake pamalo oopsa pang'ono amaika ziwiri zotsatizana, ndipo pamalo a mankhwala amaika chipangizo chotchedwa RPZ. Chimenechi chili ndi mavalavu awiri ndi kachipinda pakati pake. Imodzi ikalephera, valavu yachitatu imatseguka n'kutayira madziwo pansi m'malo mowalola kubwerera. Sichiyenera kuikidwa m'dzenje losefukira nthawi ya mvula, ndipo chikayamba kutaya madzi mosalekeza, mankhwala ake si kutsekapo ndi chiguduli koma kuitana katswiri. M'mizinda yambiri ya ku America, zipangizo zimenezi zimayesedwa chaka ndi chaka ndi munthu wa chiphaso, ndipo zotsatira zimatumizidwa kwa ogulitsa madzi.

Ndikuona kuti makhonsolo athu, popereka chiphaso cha bizinesi kwa hotela, chipatala kapena malo otsukira galimoto, ayenera kufunsa za mapaipi monga amafunsira za ukhondo wa kukhitchini. Mwini malo naye asadikire woyendera. Ayende ndi pulambala wake kuchokera pamita mpaka kumpopi womaliza, aone paliponse pamene paipi yamira m'madzi, ndi pamene mjigo wakumana ndi madzi a kampani. Madzi akabwera pambuyo pa kuuma kwa mipopi, oyamba atayidwe mpaka ayere, ndipo akumwa aphitsidwe kapena athiridwe klorini. Koma ngati akununkha mankhwala kapena mafuta, kuphitsa sikungathandize. Asamwedwe, ndipo a kampani ya madzi auzidwe tsiku lomwelo, chifukwa anansi akutunga madzi omwewo.