Fungo la Ziweto M'nyumba ndi Kachotsedwe Kake

Ku Kabwazi, monganso m'midzi ina ya m'boma la Dedza, miyezi ya June ndi July kumazizira kwambiri, pakuti dzikoli ndi lamapiri. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere. Tsono usiku anthu amatseka zitseko ndi mazenera, galu ali pafupi ndi moto, nkhuku zili pangodya, ndipo ena amalowetsa ndi mbuzi zomwe poopa akuba ndi afisi. Chisanu chikatha ziweto zimatuluka, koma fungo lake limatsala. Mayi angasese m'mawa ndi madzulo, osaphula kanthu.

Chovuta nchakuti mwini nyumba salimva, chifukwa mphuno imazolowera msanga. Amene amalimva ndi mlendo, ndipo mlendo waulemu sanganene. Amangopempha kuti mphasa iyalidwe pakhonde. Komanso si nkhani ya manyazi okha ayi. Mpweya umenewu umayabwa m'maso ndi kukhosi, ndipo umavutitsa ana aang'ono, okalamba ndi odwala mphumu, makamaka ana, popeza iwo amagona pansi pomwepo.

Tsache limalephera chifukwa fungolo silikhala pamwamba. Mkodzo umalowa m'dothi la pansi monga madzi alowera mumchenga. Mu mkodzo muli mchere wotchedwa urea. Dzinali alimi akulidziwa bwino, pakuti ndi lomwelo la feteleza wobereketsa chimanga. Tizilombo tosaoneka ndi maso timauphwanya mcherewu nkuusandutsa mpweya wa amoniya, umene umalasa m'mphuno. Pakauma fungo limachepa ndipo munthu amayesa kuti latha, koma mvula ikayamba mu November kapena December, chinyontho chimalidzutsanso. Galu kapena mphaka amalimva ngakhale pamene anthu sakulimva, ndiye amabwerera kukakodza pomwepo. Mkodzo wa mphaka wamphongo ndiwo woipitsitsa.

Chotero pa nyumba yozira palibe njira yachidule: dothi lonyowalo liyenera kutuluka. Mwini nyumba akumbe ndi khasu pamalopo, ndi m'mbali mwake pang'ono, mpaka afike pa dothi louma losanunkha. Ngati chiweto chinkakodzera chipupa, apalenso m'munsi mwa chipupacho. Dzenjelo lisakwiriridwe tsiku lomwelo. Likhale chiyasamire masiku awiri kapena atatu, chitseko ndi mazenera zili zotsekula, kenaka athiremo dothi latsopano, asinje, nazira ndi mtsiro. Kuzira pamwamba pa dothi lakale ndiko kulakwa kumene ambiri amachita. Nyumba imaoneka bwino sabata imodzi, fungo nkutulukanso. Ntchitoyi imayenda bwino mu September ndi October pamene dzuwa lili lamphamvu.

Za phulusa nzofunika kuzimvetsa. Phulusa limaumitsa zitosi ndi kuchepetsa ntchentche, nchifukwa chake limathandiza m'chimbudzi. Koma likathiridwa pa mkodzo wosauma limatulutsa amoniya wochuluka. Bwino kuyamba ndi dothi louma kapena utuchi kuti zimwe mkodzowo, ndipo zikawoledwa nkukatayidwa kunja.

Nyumba za simenti, monga za aphunzitsi ambiri, nazonso sizipulumuka, pakuti simenti ili ndi timabowo ting'onoting'ono ndi ming'alu. Apo atsuke ndi sopo ndi madzi ambiri, kenaka athire viniga wosakaniza ndi madzi muyeso wofanana, adikire kanthawi, natsukuluza. Viniga ndi wowawasa, ndipo amathetsa mphamvu ya amoniya. Ming'alu imatidwe. Pali chenjezo limodzi lalikulu: Jik kapena mankhwala ena a klorini asathiridwe pa mkodzo umene sunatsukidwe, ndipo asasakanizidwe ndi viniga. Zikakumana zimatulutsa mpweya wapoizoni wowononga mapapo. Kufukiza nyumba ndi mbaula itatsekedwa nkoopsanso; mpweya wa makala oyaka umapha anthu ali m'tulo. Makala osayatsa, ouma, oikidwa m'mbale pangodya, ndiwo amayamwako fungo pang'ono.

Mphasa ndi mabulangete zichapidwe ndi kuyanikidwa padzuwa tsiku lonse. Chiguduli chimene galu wagonapo chaka chathunthu nchosayenera kutayira sopo. Chitenthedwe.

Nthawi zina chonunkha ndi chiweto chenichenicho. Galu wathanzi sanunkha kwambiri. Ngati fungo likuchokera m'makutu, m'kamwa kapena pakhungu lothothoka ubweya, galuyo akudwala, ndipo mwini wake aonane ndi mlangizi wa ziweto. Ponena za tonde, palibe sopo amene angamuthandize. Fungo lake ndi lachibadwa, ndipo malo ake ndi kukhola basi.

Pamene pagona ziweto pamaswananso utitiri ndi matekenya. Matekenya si akale m'dziko muno: anachokera ku South America, nafika ku Angola pa sitima yapamadzi m'zaka za m'ma 1870, ndipo anafalikira m'madera ambiri a mu Africa. Mazira ake amaswera m'fumbi louma la pansi, ndipo agalu ndi nkhumba amawanyamula kumapazi. Pansi pozira bwino, popanda fumbi ndi ming'alu, pamawasowetsa pokhala. Zonyansa za galu ndi za mphaka zikwiriridwe kutali ndi chitsime ndi dimba, chifukwa zimakhala ndi mazira a nyongolotsi. Mayi woyembekezera asagwire za mphaka, pakuti muli kachilombo kamene kangavulaze mwana wosabadwa.

Ntchito yonseyi ndi yachabe ngati ziweto zibwereranso m'nyumba chisanu chotsatira. Alangizi amalimbikitsa khola la mbuzi la m'mwamba, lotalika pafupifupi mita imodzi kuchokera pansi, loyalidwa mitengo yokhala ndi mipata yonga chala, kuti ndowe ndi mkodzo zizigwera pansi koma mwendo wa mbuzi usakodwe. Mbali yochokera mphepo ya mwera itchingidwe ndi udzu kuti ana a mbuzi asazizidwe. Dandaulo la akuba ndi loona, ndipo munthu amene anabedwapo mbuzi sangamve malangizo opanda yankho pa nkhaniyi. Khola limangidwe pafupi ndi zenera la kuchipinda, ndi mitengo yolimba ndi loko, ndipo galu amene ankagona pamoto amukonzere pogona pake pouma pambali pa kholalo. Manyowa a pansi pa khola awoledwe kawirikawiri nkupita nawo kumunda kapena kudimba, limodzi ndi dothi lija lakumbidwa pamene pankagona mbuzi ndi nkhuku.