Buku M'manja, Mwana Kumbuyo

M'mipingo yathu ya ku Angónia, Tsangano, Macanga ndi mumzinda wa Tete muli ana athu aakazi ambiri tsopano amene akuphunzira ku yunivesite. Kale wofuna maphunziro otere ankayenera kupita ku Maputo kapena ku Beira, ndipo opitawo anali owerengeka. Lero sukulu zasendera kufupi. Ku Ulónguè kuli nthambi ya zaulimi ya UniZambeze, yunivesite imene inayamba kuphunzitsa mu 2009. Ku Tete kuli nthambi yake ya zaumoyo, kuli Instituto Superior Politécnico de Tete, ndiponso Universidade Púnguè imene inakhazikitsidwa mu 2019 pamene Universidade Pedagógica inagawidwa. Koma zaka zimene munthu amakhala pa sukulu zoterezi ndi zomwezo za ukwati ndi kubereka. Digiri imafuna zaka 4, ndipo si mabanja onse amene amafika kumapeto kwake khomo lisanalire mwana.

Ndiyambe ndi mlandu wanga. Mayi a kunyumba kwanga ndi mphunzitsi. Pamene tinali kutumikira mumzinda wa Tete, ankaphunzitsa m'mawa ndi kukaphunzira madzulo, m'makalasi amene timawatcha pós-laboral. M'chaka chawo chachiwiri tinazindikira kuti ali ndi pakati pa mwana wathu wachitatu. Mawu anga oyamba anali akuti, "Mayi, bwanji muyambe mwaima, mudzapitirize mwana akasiya kuyamwa?" Iwo anakhala chete kanthawi, kenaka anati, "Bambo, mwana wathu woyamba anabadwa inu muli ku sukulu ya ubusa. Kodi alipo amene anakuuzani kuti muime?" Ndinasowa choyankha. Ndinali nditaweruza kale mumtima kuti mwanayo ndi wa tonse awiri, koma mtengo wake alipire munthu mmodzi.

Sindikufuna kunamiza aliyense kuti zinali zopepuka. Amene anakhalapo ku Tete amadziwa kutentha kwa mu Okutobala ndi Novembala, pamene kumapitirira madigiri 40, ndipo ndi nthawi yomweyo ya mayeso otseka chaka. Mayi wodwala pakati amakwera chapa yodzaza miyendo itatupa, kukakhala pa benchi maola anayi, nabwerera usiku kudzakonzekera zophunzitsa za m'mawa. Tsiku la sikelo limagundana ndi tsiku la mayeso. Mwana wathu anabadwa mayeso atatsala masabata awiri. Aphunzitsi ena anamvetsa, koma mmodzi anakana kumva chilichonse, ndipo phunziro lake linabwerezedwa chaka chotsatira. Digiri ya zaka 4 inatha m'zaka 5. Pa nthawiyo chaka chowonjezeracho ndi propina yake zinatiwawa. Lero palibe amene amafunsa kuti anamaliza liti.

Malamulo a dziko lathu asintha pa nkhaniyi. Kuyambira 2003 panali lamulo la unduna wa zamaphunziro lakuti mtsikana wa sukulu akakhala ndi pakati asamutsidwire ku makalasi a usiku, ndipo ambiri ankangosiyiratu. Lamulo limeneli linachotsedwa mu Disembala 2018. Lamulo latsopano la ntchito la 2023 linakweza masiku opuma a mayi wobereka kuchoka pa 60 kufika pa 90, ndi kupatsa bambo masiku 7. Koma dziwani kuti masiku amenewa ndi a munthu wapantchito. Kalendala ya mayeso siwadziwa. Choncho mwana wanga, ukangodziwa kuti uli ndi pakati usabise mpaka nsalu itakuulula. Werenga miyezi, uone pamene tsiku lako likugwera, upite ku ofesi ya sukulu msanga, ufunse zimene malamulo awo amanena za wojomba mayeso chifukwa cha chipatala, ndi za kuimika maphunziro kwa miyezi ingapo dzina lako osafufutidwa. Ulembe pempho lako papepala, usunge makalata onse a kuchipatala. Pempho la pakamwa limaiwalika.

Kwa abambo ndinene mosabisa. A zaumoyo amalangiza kuti mwana ayamwe bere lokha kwa miyezi 6 yoyamba, ndipo kalasi ya madzulo siiyembekeza mwana wanjala. Kwa miyezi ingapo ndinkabereka mwana wathu m'kapulana ndi kupita naye pa chipata cha sukulu nthawi yopuma kuti ayamwe. Anyamata a njinga zamoto ankaseka, ndipo mkulu wampingo wina anandiitanira pambali nandiuza kuti zikuchepetsa ulemu wa ubusa. Ndinamufunsa kuti tiwerenge limodzi Aefeso 5:25, tione ngati chikondi chimene chikulamulidwa pamenepo chimathera pa kulipira propina. Kusambitsa ana, kuwaphikira phala, kutseka wailesi kuti mnzako awerenge: zimenezi sizikhala m'buku la ndalama, koma ndizo zimaonetsa ngati mayi adzamaliza kapena ayi. Ndiponso banja likhale pansi ligwirizane za kulera, kuti mimba ina isabwere monografia isanalembedwe.

Pali chinthu china chimene chimandivuta mumtima, ndipo ifenso tinatsala pang'ono kuchichita. Mwana akabadwa, nzeru yoyamba imene achibale amapereka ndi yakuti, "Katengeni kamtsikana kumudzi kadzakhale mlezi." Kamtsikanako kamakhala ka zaka 11 kapena 12, mwana wa mlongo wathu kapena wa msuweni wosauka. Timalonjeza makolo ake kuti kadzaphunzira kutauni. Chaka chimatha, dzina lake silinalembedwe pa sukulu iliyonse, chifukwa m'mawa kali ndi mwana, masana kali ndi mbale, usiku kali ndi matewera. Mayi wa m'nyumba amalandira digiri, tonse timavina ndi kuimba nyimbo zoyamika, pamene mlezi wabwerera kumudzi wosadziwa kulemba dzina lake, nakwatiwa msanga. Maphunziro a mkazi mmodzi agulidwa ndi maphunziro a mkazi mnzake. Ngati mufuna mlezi, funani munthu wamkulu ndi kumulipira. Ngati mwatenga mwana wa mbale wanu, sukulu yake ikhale yoyamba kukonzedwa, ndipo makolo ake aone zotsatira za mayeso ake chaka ndi chaka. Kwathu anatipulumutsa ndi apongozi anga, amene anasiya munda wawo wa mbatatesi m'manja mwa ana awo aamuna nadzakhala nafe miyezi isanu.

Nanga mtsikana amene watenga pakati asanakwatiwe? Bwalo la mpingo lili ndi njira zake, ndipo sindikuzipeputsa. Koma mwambo wa mpingo ndi nkhani ina, propina ndi nkhani inanso. Ndaona makolo akusiya kulipira sukulu chifukwa cha mkwiyo ndi manyazi, pamene mnyamata amene anachimwa naye akupitiriza maphunziro ake popanda womufunsa. Pakutero mdzukulu wosalakwa ndiye amene talanga, pakuti adzaleredwa ndi mayi wopanda ntchito. Mlangizeni, mudzudzuleni ngati kuyenera, koma Lolemba likafika abwerere m'kalasi.

Amayi a Chigwirizano, mlongo wanu akasowa pa msonkhano wa Lachinayi m'nyengo ya mayeso, musafulumire kunena kuti wazirala. Mwina wagona maola atatu okha. Pa mpingo umene ndikutumikira tsopano amayi achikulire anagwirizana kuti m'masabata a mayeso, mu Juni ndi mu Novembala, azisinthana kusunga ana a ophunzira m'chipinda cha Sande sukulu kuyambira masana mpaka makalasi atatha. Mayi wa mwana amabweretsa ufa wa phala ndi sopo, basi. Chaka chino ana olembedwa alipo asanu, agogo odzipereka alipo atatu, ndipo tikusowabe wa Lachitatu madzulo.